Ndithandizeni, boti likusuntha usiku ndipo kunyumba sakundimvetsa

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde, alamu anga ali m'gulu lomwe lino.

Ndimagona pa boti la matanga la abwana anga kuno ku Cape Maclear. Eni ake anapita kwawo kunja, akuti abwera mvula ikatha, ndiye anandisiya kuti ndizilondera. Boti lili pa nangula moyang'anana ndi mudzi wa Chembe. Kumtunda ndimapita chopalasa pa kaboti kakang'ono, injini yake anatsekera m'nyumba ati ndingamalize mafuta. Malipiro amatumiza pa foni koma mochedwa, mwezi wathawu ufa ndinachita kukongola. Mayi akunyumba ali ku Monkey Bay, iwo akuti ndikudyerera ndi azungu, chonsecho ine ndiwo zake ndi usipa m'mawa, usipa madzulo. Nyimbo za m'mabala zimafika bwinobwino pamadzi pano, ndiye akaimba foni n'kumva nyimbo, mlandu wayamba. Anzanga a bawo analeka kundiitana poti kukangoyamba kuda ndimathamangira ku boti. Amandiyendera ndi ana a m'mabwato odzapempha mabotolo, kuphatikiza alamu aja, amene anabwera ndi anzawo n'kundithera gasi, kuchoka osatsuka ndi mbale yomwe.

Tsono vuto ndi ili. Mphepo yatembenuka, usiku boti likuvina, tcheni chikulira kutsogoloku, m'mawa ndikumapeza chilumba cha Thumbi chili mbali ina osati kumene ndinachisiya. Tulo palibe. Batirenso likumatha pakati pa usiku, nyali ya pamwamba n'kuzima. Kodi botili likuthawa? Abwana ndiwauze, kapena andiona ngati mbuli? Nanga inu munakhalapo pamadzi, mumatani kuti akumtunda asakuiwaleni?

Mwana wa Msodzi: Umenewo ndi mpoto achimwene. Mwera umatchingidwa ndi mapiri a kuseri kwa Chembe, n'chifukwa chake June ndi July munkagona ngati khanda. Mpoto umangolowa mwachindunji. Pamene muli nangulapo ndi pakuya mamita angati, ndipo tcheni mwatsitsa chotalika bwanji?

Kaputeni wa ku Hout Bay: Kkkkk ya pa Nyanja ya Malawi mukuitcha mphepo? Ine ndagwira pa ma yacht kuno ku Kapa, mphepo ya south-easter ya December ikabwera munthu umayenda chokwawa pa jeti. Mverani kuno. Tcheni chimayenera kutalika kasanu kuposa kuya kwa madzi. Pakuya mamita 4, tsitsani 20. Kukavuta mphepo, kasanu ndi kawiri. Chimagwira boti si kulemera kwa nangula ayi, ndi tcheni chogona pansi chimene chimamukoka chammbali kuti akumbe mchenga. Koma vuto la kwathuko ndi lomweli, munthu dzulo anali wa m'dimba lero wapatsidwa boti la mamiliyoni, pepala alibe.

Mwana wa Msodzi: A Kaputeni, nyanja musainyoze. Sitima ya Vipya inamira mu 1946, anthu 145 anatsikira kulichete, sanali ku Hout Bay amenewo.

Kaputeni wa ku Hout Bay: Imeneyo inali sitima, ine ndikunena za nangula. Kumawerenga bwino.

Anaphiri a ku Ndirande: Ine za nangula sindikuzidziwa, koma bambo inu mwandikwiyitsa. Monkey Bay ndi Cape Maclear mpatali? Njinga zamoto zikuyenda tsiku lililonse. Alamu anu mwawakweza pa boti, akazi anu ayi? Atengeni adzagone tsiku limodzi, asanze bwinobwino ndi mafundewo, sadzatchulanso za kudyerera. Anga ankatero, ati ndili ku ntchito ya usiku, mapeto ake ndinamva kuti kuli mwana ku Bangwe.

Jah Man 265: Chilumba kusuntha? Aise, chepetsa kaye zija umagula kumtunda zija 😂😂

Za Sola Ndifunseni: Nkhani ndi firiji imeneyo, palibe chimadya moto pa boti kuposa iyo. Muli usipa wouma wokha, mukuiyatsiranji? Zimitsani. Batire la asidi likamatsika kupitirira theka, cha m'ma 12.2 volts, limafa msanga. Pukutaninso sola, mbalame zimanyerapo. Koma samalani pogula lina, ine shopu ina ku Limbe inandigulitsa la "deep cycle", kumata sitika pa batire la galimoto, ndipo nditabwerera anandiuza kuti risiti yafufutika. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umawawa.

Kaputeni wa ku Hout Bay: Nyali ya pamwambayo si yokongoletsa, ndi lamulo. Boti lili pa nangula usiku liyatse nyali yoyera yooneka mbali zonse. Asodzi a chilimira akubwerera m'bandakucha ndi injini, iwe uli mumdima, akuphwanya. Ndipo wina asayerekeze kumuuza za mbaula. Boti la fibre ndi makala sizionana. Gasinso akamatuluka amatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo, ndiye alamu akowo akadzayatsa fodya tidzakuwerenga pa nkhani. Tseka pa silinda ukamaliza kuphika. Ine izi ndinalipira sukulu, inu ndikukupatsani ulere.

Mayi a Zaumoyo: Palibe wafunsa madzi amene akumwa. Kugombe la Chembe kuli likodzo, ndipo inu mukuponda m'madzi osaya tsiku lililonse pokoka kabotiko. Pitani kuchipatala akakuyezeni, mankhwala ake ndi praziquantel, musadikire kuona magazi. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Chimbudzi cha pa botipo chimatayira kuti? Anthu akuchapa ndi kutunga pamenepo.

Jah Man 265: Funso limenelo asayankhe, ena tikudya.

Wa ku Nkhata Bay: Mwina silikuthawa n'komwe. Boti la pa nangula limazungulira, mphuno imaloza kochokera mphepo, ndiye mphepo ikasintha Thumbi aoneka mbali ina basi. Masana sankhani zinthu ziwiri kumtunda, china kutsogolo china kumbuyo kwake, monga mtengo ndi nsonga ya phiri. Mphepo ili yomweyo koma ziwirizo zikunka zitalikirana, nangula akukokeka. Gwiraninso tcheni ndi dzanja, chikamanjenjemera modukizadukiza ndiye kuti akukhukhuluzika pansi. Madzi a kumeneko ndi oyera, valani galasi mukamuone ngati wakumba mchenga kapena wangogona pa udzu. Pa foni palinso ma app a anchor alarm, amalira boti likatuluka m'malo mwake. Za kucheza, itanani a bawo masana, tiyi pa boti sakana munthu. Abwana auzeni lero, boti ndi lawo.

Kaputeni wa ku Hout Bay: Zonsezi ndanena kale pamwambapa.

Wa ku Nkhata Bay: Simunanene.

Mlongo Wanu mwa Ambuye: Boti kusuntha lokha usiku, tulo kusowa, banja kugwedezeka, zonsezi nthawi imodzi? Ine sindikuona za mphepo apa. Lowani ku inbox tipemphere.

Ndikusaka Ganyu: Abwana anuwo sakufuna wachiwiri? Kusambira ndimatha pang'ono.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Anaphiri, mayi akunyumba ndinawaitanapo, anakana okha ati amaopa madzi, musandiweruze musanamve mbali yanga. Firiji ndazimitsa. A Kaputeni, sindinali wa m'dimba, ndinali wophika. Alamu aja aiona positiyi, andiimbira kale kuti gasiyo anali wotha kale.

Mwana wa Msodzi: Achimwene, mamita angati? Tcheni chotalika bwanji?

Kaputeni wa ku Hout Bay: Wophika! Ndiye mwaonatu. Admin, ine ndakhala ndikupempha kuti tipange gulu lapadera la anthu a mapepala, ndani akufuna ndimuike?