Purosesa ikufika madigiri 95 pomwe cooler ndi ya madzi, thandizeni

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndavutika. Ndimadyera kukonza mavidiyo a maukwati, ndiye kompyuta yanga yayamba misala. Ili ndi purosesa ya Ryzen 5 5600X ndi cooler (choziziritsira purosesa) ya madzi ya mafani awiri, ija ya 240mm, ndinagula yogwirapo kale ntchito ku Lusaka zaka zitatu zapitazo. Ndikangoyatsa ili kale pa madigiri 60. Ndikati nditulutse vidiyo, mphindi ziwiri sizikwana yafika 95, kenako imayamba kuyenda ngati bilimankhwe. Mafani akulira ngati chigayo, koma ndikaika dzanja pa radiator, pomwe mafaniwo amaziziritsira madzi, mpweya ukutuluka wozizira bwinobwino. Mkatimo mukumveka kuti khulukhulu ngati m'mimba mwa munthu wogona ndi njala. Ndili ndi vidiyo ya ukwati wa ku Katete, mayi ake a mkwatibwi akundiimbira m'mawa uliwonse. Kodi ndi dzuwa la Okutobala lino, kapena yafa basi?

Wa ku Petauke:
Fumbi limenelo achimwene. Upani radiator, musinthenso thermal paste, kaphala kaja kamapakidwa pakati pa purosesa ndi cooler.

Mdala wa ku Kalongwezi:
Ayi, fumbi musalinamizire. Likanakhala fumbi, radiator ikanatentha ndipo kampweya kotulukako kakanakhala kofunda. Ikazizira pomwe purosesa ikupsa, ndiye kuti madzi sakuyenda. Kutentha kukungounjikana pamutu pa purosesa, sikukufika kumene mafani ali. Dzuwa la Okutobala limakweza ndithu, koma silingakufikitseni pa 95 m'mphindi ziwiri. Ndipo 95 ndiwo malire a purosesa yanuyo, ikafika apo imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, n'chifukwa chake ikukwawa.

Chitani izi. Yatsani, mugwire mapaipi onse awiri. Pampu yokankha madzi, imene ili pamutu pa purosesa, ikamagwira mumamva kunjenjemera pang'ono m'zala. Ngati paipi imodzi yatentha kwambiri cha kumunsi inayo ili zii, madzi aima. Lowaninso mu BIOS, muja mosinthira makonzedwe kompyuta ikangoyaka, muone liwiro la pampu. Ikalemba 0, mwina yafa, mwina chingwe chasomoka. Muonenso pomwe munalumikiza chingwecho: chimafunika polumikizira polembedwa kuti AIO_PUMP, kapena pamene mwaika kuti pazizungulira ndi mphamvu yonse.

Koma khulukhulu mukunenayo ndi amene wandikayikitsa. Radiator yanu ili pati m'bokosimo?

Wa ku Kapata:
Mdala, ili pansi penipeni. Ndinaitsitsa ndekha mwezi watha nditagula graphics card yaitali, kutsogolo kunalibe malo. Pampu ikuzungulira, BIOS ikuonetsa manambala.

Mdala wa ku Kalongwezi:
Aaa, ndiye mwadzilodza nokha mwana wanga. M'ma cooler amenewa mumakhala kampweya, ndipo zaka zikamapita madzi amachepa pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi, mpweya n'kumachuluka. Mpweya umathawira pamwamba. Radiator ikakhala pansi, malo okwera kwambiri amakhala pa pampu, ndiye pampu ikungopalasa mpweya m'malo mokankha madzi. Ikwezeni padenga la bokosi. Mukatero yatsani, mupendeketse bokosi uku ndi uku pang'onopang'ono, mudzamva thovu likusamukira ku radiator. Musatsegule kuti muthiremo madzi a pampopi, ndinaonapo wina atatero, zonse zinachita dzimbiri.

Mayi wa ku Lundazi:
Ine zamadzi ndinazisiya kalekale. Cooler ya mpweya yaikulu ija imakwanira pa 5600X, ndipo fani ikafa mumaona ndi maso, n'kusintha fani yokhayo. Yanuyo yakalamba, yambani kusunga ndalama.

Wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Ndaikweza padenga usiku malaiti atabwera. Ndinachita kuchotsa fani imodzi ya kumbuyo kuti ikwane, zala zonse mabala. Ndinapukutanso paste yakale, inali itauma ngati nsima yogona, n'kuika kadontho katsopano pakati. Khulukhulu anamveka kanthawi kenako zii. Tsopano ikutulutsa vidiyo ili pa 74, ya ku Katete yatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Mayi a ku Lundazi, cooler ya mpweyayo munagula kuno ku Chipata kapena munaitanitsa pa basi ya ku Lusaka?