Okosijeni ndingamupeze kuti muno mu Lilongwe?

Abale ndithandizeni, bambo anga awapeza ndi Covid ndipo akubanika, dzulo tinakhala pabenchi kuchipatala kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, bedi kulibe, silinda imodzi ya okosijeni odwala atatu akulandizana, manesi nawonso atopa zedi sindikuwada ayi. Koma boma ili eti, pa K6.2 biliyoni ya Covid ija ndalama zina zinangothera ma alawansi? Nduna ziwiri zinamwalira ndi Covid tsiku limodzi mu Januwale chaka chino cha 2021, nanga ife anthu wamba titani? Ndiye alipo akudziwa kobwereka silinda kapena concentrator (makina opereka okosijeni kwa wodwala), ndipo ndi ndalama zingati patsiku? Komanso ku Bingu Stadium, komwe boma linatsegula chipatala chapadera cha odwala Covid, akulandira wodwala wongofika kapena mpaka kalata yakuchipatala? Chonde yankhani msanga, mayi sanagone usiku wonse akuwakupiza ndi katoni.