Za mlamu wathu wa ku Khombedza

Achimwene akulu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndachokera kuchipatala ndi mng'ono wanga ndi mlamu. Sizili bwino. Magazi amene anayeza Lolemba ndi a lero akusonyeza kuti mimba ija ikuchoka. Inali ya masabata 8.

Azakhali: Mayo ine! Ndinanena ine kuti mwanayu asiye kusenza ndowa za kumjigo.

Chemwali namwino: Azakhali, ndowa zilibe mlandu. Ndaona mapepala ake. Chimene ayeza ndi hCG, yomwe ija imapangitsa kuti kachipangizo koyezera mimba kaonetse mizere iwiri. Mimba ikamakula bwino masabata oyambirira, hCG imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu. Ya mlamu yatsika m'malo mokwera. Mimba zambiri zochoka msanga chonchi zimakhala kuti sizinaumbike bwino kuchokera pachiyambi pomwe. Si ntchito, si chakudya, si munthu.

Azakhali: Komabe ndinanena.

Amalume: Tsopano chofunika n'chiyani? Tisatalikitse.

Chemwali namwino: Sikani, kumuunika m'mimba, mawa m'mawa ku boma. hCG ikamatsika tiyenera kutsimikiza kuti mimba siinakhale m'chubu, kunja kwa chiberekero, chifukwa imeneyo imatha kupha. Ngati zatsalira zina m'kati amupatsa mankhwala kapena amutsuka.

Achimwene akulu: Galimoto yochoka ku Khombedza, sikani ya kolipira ngati mzere wachuluka, chakudya cha gadiyani. Ndawerengera K90,000. Tili anthu 9, aliyense K10,000. Tumizani pa Airtel Money yanga.

Amalume: Yanga yalowa. Ena aja amangowerenga osayankha, tikukuonani.

Mlamu wa ku Joni: Ine ndatumiza kale pa Mukuru, K20,000. Achimwene katengeni.

Amalume: Mwaona? Wa ku Joni wapereka kawiri. Wa pa Kamuzu Road pomwepa, zii.

Wotsiriza: Amalume mwezi sunathe, Lachisanu ndipereka.

Amalume: Lachisanu lija la malata a agogo lisanafike mpaka lero.

Azakhali a ku Dwangwa: Zimenezo zisiyeni kaye. Kodi amene akupita ku Salima angandinyamulire thumba la mpunga? Lili kwa amayi ake a mnyamata ku Benga.

Wotsiriza: Mpunga wakwera bwanji chaka chino. Faya uja mukugulitsa bwanji?

Azakhali a ku Dwangwa: Ndikuuza kuseri.

Chemwali namwino: Abale, mlamu akutaya magazi uko ife tili pa mpunga. Achimwene, muwauze amuna ake usiku uno asagone tulo tofa nato. Akanyowetsa mapadi awiri pa ola limodzi, akamva chizungulire, kupweteka mbali imodzi ya m'mimba kapena paphewa, thupi likatentha, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto pomwepo, kabaza ayi.

Achimwene akulu: Ndamva. Nambala ya dalaivala ndili nayo. Mlamu wangogona chakukhoma, salankhula. Tinsalu tija anagula pamsika wa Lachinayi wativundikira m'beseni, wati tisatichotse.

Mlamu wa ku Joni: Zomvetsa chisoni. Ine zinandichitikira kawiri ndisanabereke woyamba uja. Chimene chinandipweteka si mimba ayi, ndi mafunso a anthu. Chonde aliyense asamufunse kuti wachita chiyani.

Azakhali: Ine sindinafunse, ndinangonena za ndowa. Ndipo asathire mchere m'ndiwo kufikira atayera, mwambo ndi mwambo.

Chemwali namwino: Za mchere mukambirana naye nokha akapeza bwino, kuphika kumene sakuphika. Chinanso, akadziyeza sabata yamawa n'kuona mizere iwiri asasokonezeke, hCG imatenga masabata angapo kuti ithe m'thupi.

Amalume: Apereka ndi anayi okha. Anayi. Ena aja amangowerenga osayankha, tikukuonani.

Achimwene akulu: Nanga gadiyani ndani? Ine ku wodi ya amayi sindingagone.

Azakhali: Ndipita ine. Ndani wina? Ndinyamula zitenje, mbaula ndi ufa woyera wa phala.

Chemwali namwino: Zikomo azakhali. Koma za ndowa zija muzisiye kunyumba.

Azakhali: Ndamva, mwana iwe.

Wotsiriza: Ndabwereka kwa mnzanga, K5,000 yalowa achimwene. Yotsalayo Lachisanu ndithu.

Amalume: Ndalemba.

Achimwene akulu: Galimoto ifika 5 koloko m'mawa. Azakhali tikupezani pamsewu, pa mtengo wa mango paja. Musaiwale buku lake la kuchipatala, lili m'chikwama chofiira.