Bafa lija lasanduka chipinda chotsukira zithunzi

Mwezi watha ndinafunsa momwe ndingatsekere kuwala m'bafa lomwe sitiligwiritsa ntchito, kuti ndizitsukiramo zithunzi zakuda ndi zoyera. Ambiri munati zenera si nkhani, vuto ndi chitseko. Munanenadi zoona. Zenera ndinalitseka ndi thabwa lopaka penti wakuda, koma nditakhala mumdima mphindi 10, maso atazolowera, ndinaona kuwala kukuzembera pansi pa chitseko ndi pabowo la kiyi. Ndapachika katani yokhuthala, tsopano muli mdima wa ndiweyani.

Enlarger, makina okulitsira chithunzi cha pafilimu n'kuchiwalitsa papepala, ndaikhazika patebulo louma kukona. Mabeseni atatu, a mankhwala a developer (oonetsa chithunzi papepala), stop bath (oimitsa ntchito ya developer) ndi fixer (okhazikitsa chithunzi kuti kuwala kusachiwononge), ali pafupi ndi sinki, kutali ndi mapepala. Developer ndimayesetsa kuti akhale pa madigiri 20 Celsius.

Nyali yofiira younikira potsuka zithunzi ndinaiyesa ngati siwononga pepala poika khobidi papepala la zithunzi kwa mphindi 5 nyaliyo ikuyaka. Nditatsuka, chizindikiro cha khobidi sichinaoneke. Koma potsegula filimu ndimaizimitsa, chifukwa filimu imafuna mdima weniweni.

Chomwe chikundisowetsabe mtendere ndi mpweya. Fungo la mankhwala limandipweteketsa mutu ndikakhalitsamo, choncho ndikufunafuna fani yotulutsa mpweya koma yosalowetsa kuwala. Fixer wogwira kale ntchito sindimutaya m'sinki, amakhala ndi siliva. Ndikumusunga m'chigubu chotseka bwino.