Sheet ndi halyard zandichititsa manyazi, thandizeni

Watsopano: Akuluakulu moni. Ndangoyamba ganyu pa boti la thanga kuno ku Cape Town, ndiye dzulo skipper, woyendetsa botilo, anakuwa kuti ndimasule main sheet, ine kuthamangira chingwe cha pa mlongoti, thanga lonse khwee pansi alendo akungondiyang'ana. Ine sheet ndimadziwa yoyala pabedi, ndiye ndimayesa akunena nsalu ya thangalo kuti itsike. Mawa tikutulukanso.

Wa ku Monkey Bay: Kkkk pepa mphwanga. Sheet si nsalu ayi, ndi chingwe. Chimene unamasula iwecho ndi halyard, ntchito yake ndi kukweza thanga m'mwamba ndi kulitsitsa basi. Sheet ndi chija chimakokera thanga mkati kapena kulisiya lipite kunja malinga ndi mphepo, cha mainsail, thanga lalikulu lija, chimagwira pa boom, mtengo wopingasa kumunsi kwa thangalo, pomwe jib, thanga lakutsogolo, ili ndi ziwiri, china mbali ino china mbali inayo. Mphepo ikabwera mwaukali boti n'kupendekera, ngati mwera wa mu July kwathu kuno, umamasula sheet kuti thanga litaye mphepo, halyard osayikhudza n'komwe.

Wa ku workshop: Ine inandipweteka ndi shroud. Anandituma kuti kaone shroud ya ku port, kutanthauza kumanzere kwa boti, mtima unangoti phaa poti kusukulu tinaphunzira kuti shroud ndi nsalu yokulungira maliro. Koma ndi waya wogwira mlongoti m'mbali kuti usagwere kumanzere kapena kumanja. Wogwira kutsogolo ndi forestay, wakumbuyo backstay. Zonsezi amati standing rigging chifukwa sizisuntha, mumangozikunga pa turnbuckle, kachitsulo kopotokola kokungira waya. Ma sheet ndi ma halyard ndiwo running rigging.

Watsopano: Nde pa cockpit, paja pamakhala woyendetsa boti, zingwe zonse zimafanana achimwene, ndizidziwa bwanji skipper akukuwa?

Wa ku Monkey Bay: Lawira mamawa boti lisanachoke, gwira chingwe chimodzichimodzi uchitsatire ndi maso. Chikakwera kunsonga kwa mlongoti ndi halyard, kupatula chija chimatsikira kumapeto kwa boom n'kuinyamula thanga likatsika, chimenecho ndi topping lift. Kenako mata tepi pa clutch iliyonse, kachitsulo kopanira chingwe kaja, ulembe ndi marker.

Watsopano: Zikomo kwambiri. Nanga painter amene ankati ndimugwire tikufika uja anali ndani? Ine sindinaone munthu wopenta.

Wa ku workshop: Kkkkk kachingwe kakutsogolo kwa dinghy, boti laling'ono lija, komangira pa jeti.