Kodi wosamalira wodwala matenda a maganizo amathandizidwa ndi ndani?

Mayi wa ku Balaka:
Mchimwene wanga anayamba kudwala matenda a maganizo chaka chatha, ndipo ndine ndimachezera naye usiku akakana kumwa mankhwala, moti pano ndikuonda ndi nkhawa. Kodi ife osamalira tingapeze kuti thandizo?

Bambo wa ku Mzuzu:
Pepani kwambiri mayi. Ku St John of God kuno ku Mzuzu komanso ku Lilongwe kuli aphungu amene amakambirananso ndi achibale a odwala.

Namwino wopuma pa ntchito:
Mukapita naye ku Zomba Mental Hospital kapena kuchipatala cha boma lanu kukatenga mankhwala, muwafotokozere adokotala za kutopa kwanuko. Muitanenso akubanja kuti mugawane masiku omusamalira, chifukwa inu mukafooka mankhwala adzalekezedwa, ndipo matendawa amabwereranso mwamphamvu.