Nthano yanga ili ndi ndewu tsamba lililonse koma owerenga akuti sakumva kanthu, ndalakwitsa pati?

Mlembi wa ku Ndirande:

Moni nonse a pagulu pano, ndithandizeniko maganizo. Ndakhala ndikulemba nthano yaifupi kuyambira mwezi wa June ndipo ndimafuna ndiitumize ku nyuzi ya kumapeto a sabata, nde ndinampatsa mlongo wanga kuti ayambe wawerenga kaye, iye atamaliza anangondibwezera mapepala nkuti "zachitika zambiri koma munthu wakoyu sindikumumvera chisoni." Mawu amenewa andikhala pamtima sabata yonseyi.

Nkhani yake ili chonchi. Mnyamata wa ku Mangochi wapita ku Joni ndipo wakhalako zaka zinayi, matsotsi amulanda foni, bwana wa pa shopu yomwe amagwira amubera malipiro a miyezi iwiri, amenyana ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi pa nkhani ya lendi, kenako kwabuka zipolowe zija zothamangitsa obwera, kenako apolisi amugwira poti masiku a mu pasipoti anatha kalekale, pamapeto akwera basi kubwerera kumudzi chimanjamanja chifukwa wamva kuti mayi ake akudwala. Masamba asanu ndi limodzi.

Ku sekondale anatiphunzitsa kuti nthano imayenda ndi mkangano, wina wa kunja wina wa mumtima. Wakunjawo ndauika wambiri. Wa mumtimawo ndikayesa kulemba zikungotuluka "anaganiza kuti... anadandaula kuti... anamva chisoni kwambiri" mpaka ndimaona ndekha kuti sizikukoma. Kodi za mumtima mwa munthu mumazilemba bwanji? Komanso pa nthano yaifupi chofunika kwambiri ndi chiti pa ziwirizi?

Aphunzitsi a Chichewa:

Achimwene, mlongo wanuyo ndi wowerenga wabwino, muzimupatsabe zolemba zanu. Ine ndimaphunzitsa nthano ku Fomu 3 ndi 4 ndipo vuto lanuli ndimaliona chaka chilichonse ana akamalemba zawo.

Taonani ndewu zanu zisanu zija. Tsotsi akamulanda foni mnyamatayo angasankhe chani? Palibe. Bwana akamubera, palibe. Apolisi akamugwira, palibenso. Zinthu zikungomugwera ngati mvula pa denga, ife owerenga tikuona munthu watsoka koma sitikudziwa kuti ndi munthu wotani, chifukwa munthu timamudziwa pomwe wapatsidwa njira ziwiri nkutenga imodzi. Mkangano wa kunja ndi woti munthu akulimbana ndi china chake chomwe tonse tingachione, kaya ndi munthu mnzake, kaya ndi njala kapena madzi osefukira, kaya ndi mudzi wonse ndi miyambo yake. Wa mumtima m'Chichewa tili nawo kale mawu ake ndipo timawayankhula tsiku ndi tsiku: "mtima wina ukuti ndipite, mtima wina ukuti ndikhale." Ndi zomwezo basi, munthu wa mitima iwiri. Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo nthano yabwino imamupeza munthu ali pakati pa mapanga awiriwo mvula ikubwera.

Nde dzifunseni kuti mnyamata wanu akufuna chani, komanso ndi chinthu china chiti chomwe akuchifunanso ndi mtima wonse koma sichingayendere limodzi ndi choyambacho. Ine ndikuona kuti muli nacho kale koma mwachibisa mu mzere womaliza. Akufuna akaone mayi ake asanatsikire kulichete, koma sakufuna mudzi umuone wabwera wopanda kanthu. Nthano yanu yagona pamenepo. Masamba asanu oyambawo ndi mbiri chabe ya momwe anafikira pamenepa.

Za kalembedwe, siyani kutiuza kuti anamva chisoni, tionetseni manja ake akuchita chani. Ndimakonda kupatsa ana chitsanzo ichi. Mayi wamasiye akugawa chakudya pa maliro a mwamuna wake, ndipo akudziwa kuti alamu ake mawa adzafuna makiyi a nyumba. Watenga nthuli yabwino ya nkhuku waika m'mbale ya alamuwo, waima pang'ono, waichotsa, kenako waibwezeramonso. Sindinanene kuti akuopa, sindinanene kuti wakwiya, sindinanene kuti ulemu ukumumanga, koma nonse mwamva.

Wa ku Joni:

Aphunzitsi anena zoona koma ndiwonjezereko monga munthu amene ndili konkuno, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Man, zonse mwalembazo zimachitika, masiku 30 amene amakudindira pa boda amatha usanapeze olo ganyu ndipo kuchoka apo umayenda ukucheuka, zipolowe nazo za 2008, 2015 ndi 2019 palibe amene waiwala. Koma mukafunsa anyamata kuno kuti chimakusowetsa tulo nchani ambiri sanena za tsotsi ayi. Ndi foni. Foni yochokera kumudzi ikamalira iwe uli ndi 50 rand yokha m'thumba, umangoiyang'ana mpaka idule yokha kenako umalemba pa WhatsApp kuti ndinali pa ntchito, pomwe wakhala m'chipinda tsiku lonse. Alipo amene amajambulitsa ataima pambali pa galimoto ya eni ake nkuika pa Facebook, kwawo nkumati mwana wathu zikumuyendera, nde bodza limenelo limakula mwezi ndi mwezi mpaka limasanduka mpanda woti sungathenso kudumpha kuti ubwerere kwanu. Mwezi umene watumiza kangachepe pa Mukuru umayenda mutu uli m'mwamba, mwezi umene walephera umazimitsa data.

Mawu oti matchona simukuwadziwa kodi? Anayamba kale nthawi ya agogo athu a Wenela ndi Theba, amene ankapita ku migodi nkubwera ndi sutikesi, njinga, wilesi ndi bulangete, mpaka pano depoti ya mabasi ku Blantyre timaitchulabe kuti pa Wenela. Amene sanabwerere ndi amene ankatchedwa matchona. Anthu amaganiza kuti mtchona ndi munthu woiwala kwawo, ine ndawaona madala otere kuno ndipo sanaiwale olo pang'ono, akhoza kukutchulira mitengo yonse ya mango ya pakhomo pa mayi awo, chinawatsekera njira ndi manyazi.

Nde mukanakhala ine nthano yonse ndikanaiika mu basi. Kuchoka Park Station, Beitbridge usiku, kudutsa Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, mpaka Mwanza, ulendo wa masiku awiri munthu atakhala pampando umodzi, anzake onse ngolo yadzaza ndi mafiriji, matilesi, ma TV, iye kachikwama kamodzi kali pamiyendo. Boda iliyonse akadutsa mtima ukuti tsika ubwerere.

Nachisale wa ku Chilobwe:

Pepani ndisiyane nanu pang'ono abambo inu. Ine ndimawerenga nthano zambiri za achinyamata ndipo zomwe zimanditopetsa kwambiri si za ndewu ayi, ndi zija munthu wakhala pa khonde masamba anayi akungoganiza, dzuwa likulowa iye akuganizabe, palibe wabwera palibe wapita. Ndikuopa kuti mlembi wathuyu akamva malangizowa achotsa zonse atsale ndi mnyamata woyang'ana pa windo la basi.

Nthano za agogo athu zija za padangotero, tili tonse, zinali za kalulu ndi fisi, njovu, chitsime chokumba nthawi ya chilala, zonse zooneka ndi maso, ndipo tinkamvetsera mpaka moto kuzima. Za kunja si zokongoletsera. Kwa munthu wosauka zakunjazo ndiye moyo wake weniweni, njala siganizo, lendi siganizo.

Ndinena za ife. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, kuno ku Chilobwe anthu ambiri anapita, ena sanapezeke mpaka lero. Amenewo ndi munthu kulimbana ndi chilengedwe monga mumanenera m'kalasi aphunzitsi. Koma mayi wina woyandikana nafe anali ndi mwana kumsana, wina kudzanja, ndipo apongozi ake okalamba anali m'nyumba osatha kuyenda, madzi akubwera ndi mkokomo. Anathawa ndi anawo. Apongoziwo anapulumutsidwa ndi anyamata ena, ali moyo, koma mayi uja mpaka pano akamawapatsa phala sawayang'ana kumaso. Tandiuzani, za mumtima mwake zikanachokera kuti popanda madziwo? Madzi aja ndi amene anamufunsa funso. Nde ine ndikuti musataye zakunja, sankhani chimodzi chokha chomwe chikufinya pa bala lenileni la munthu wanuyo, zinazo ndiye mutaye.

Aphunzitsi a Chichewa:

Mayi Nachisale sitikusiyana ayi, mwanena bwino kuposa ine. Nthano yaifupi ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi, simungalowetsemo adani asanu. Mmodzi akwana, bola akhale woti akagogoda pachitseko mitima iwiri ija idzuke. Tsotsi wa ku Joni sakumudziwa mnyamatayu, angabere aliyense. Pezani munthu woti akumudziwa, amene ali ndi chifukwa chomveka chomudikirira.

Mlembi wa ku Ndirande:

Zikomo kwambiri nonse, usiku wathawu sindinagone ndimalembanso. Ndachotsa matsotsi, apolisi ndi ndewu ya lendi, bwana wa pa shopu watsala mu mzere umodzi wokha. Ndaika amalume ake, amene anagulitsa ukonde wawo wophera usipa kuti mnyamatayu apeze pasipoti ndi thiransipoti, pa mgwirizano woti akakafika adzawagulira injini ya boti. Zaka zinayi amalumewo akhala akukwera maboti a eni ake ngati waganyu, ndipo si munthu woipa, sanamukalipirepo pa foni olo tsiku limodzi, amangoti "tikudikira mphwanga." Ndaona kuti kufatsa kwawoko kukupweteka kuposa mpeni wa tsotsi uja. Nayi ndime ina, mundiuze ngati ndayamba kulondola:

"Pa Liwonde anatsika ngakhale tikiti yake inali ya ku Mangochi. Analowa mu shopu nagula chikwama chachikulu cha mizeremizere, shuga mapaketi awiri ndi buledi. Kuseri kwa shopuyo anatola makatoni, nawapinda bwinobwino, nawayala pansi pa chikwamacho, pamwamba naika bulangete lake lakale, pamwamba penipeni shuga. Atatseka zipi chikwama chinaima chokha ngati cha anthu ena onse. Minibasi zitatu za ku Mangochi zinadzaza nkunyamuka iye ali chikhalire pa chikwamacho. Kondakitala wa yachinayi atamufunsa ngati akupita, anayang'ana dzuwa kaye, nati adikira ina."

Chomwe chikundivuta tsopano ndi mathero. Kodi aulule kwa amalume? Kapena mayi ake amwalire asanafike? Mtima wina ukuti ndiwaphe mayiwo kuti anthu alire.

Nachisale wa ku Chilobwe:

Ayi musawaphe chonde. Mukawapha mwamupulumutsa mnyamatayo, pa maliro palibe amene adzafunse za chikwama, ndipo owerenga adzalira maliro m'malo molira chimene mwakhala mukumanga. Ndime yanuyi yandigwira, makamaka poyang'ana dzuwa paja, ndamva kuti akufuna akafike kutada koma simunanene. Kungoti mawu oti "ngati cha anthu ena onse" mwina muwaganizirenso, ndikuona ngati mukundilozera ndi chala pomwe ndaona kale ndekha.

Wa ku Joni:

Man, makatoniwo mwawatenga kuti, chifukwa ndikudziwa munthu amene anachitadi zoterezi, kungoti iye anaikamo mabotolo opanda kanthu okulunga m'nsanza. Koma pali chimodzi mwaiwala chomwe aliyense wobwerera kumudzi amachidziwa. Olo ufike usiku bwanji, agalu akangouwa ana amatuluka kuthamangira kudzakulandira katundu, ndi mwambo, mlendo salowa pakhomo atasenza yekha ndipo sungawakanize. Nde taganizani kamwana ka amalume aja ka zaka zisanu ndi zitatu, kakokera mpweya kukonzekera kunyamula chinthu cholemera cha ku Joni, kagwira zogwirira ziwiri zija nkukweza, chikwama nkungonyamuka ngati nkhuku. Kamwanako kamuyang'ana mnyamatayo, iye akayang'ananso, uku amalume akutuluka m'nyumba ndi tochi akuti takulandirani mphwanga, mayi ako ali mkatimu akhala akukufunsa kuyambira masana.

Mlembi wa ku Ndirande:

Ndiimira pa tochipo. Ndikamaliza kutaipa Loweruka ndiyamba ndampatsanso mlongo wanga, kenako ndidzaiponya pano yonse kuti muione isanapite ku nyuzi.